Msonkho wa Mayi Kowalik

Mutu 5

1. Masamu a pa katoni

Corwin Pruitt anali ndi zaka 22, ndipo zinayi mwa zaka zimenezi anazitha akugona pafupi ndi filiji ya amalume ake.

Musaseke. Chipinda chapansi cha nyumba ya a Delbert Haskins chinalibe lendi, koma munali filiji yaikulu yodzaza ndi nyama ya agwape. Filijiyo inkalira ngati thirakitala. Amalumewo ankatsikirako nthawi iliyonse imene afuna, osagogoda, ati kukaona ngati nyama ikadali youma. Akatsika sankabwerera msanga. Ankakhala pa bedi la mnyamatayo n'kuyamba kulangiza.

N'chifukwa chake Corwin ankafuna nyumba yakeyake. Ankagwira ntchito pa garaja yosintha matayala. Kwa zaka zinayi sanagule foni yatsopano, sanapite kukaonera mpira, ndipo masana alionse ankadya buledi wopaka chiponde. Anasunga madola 9,000.

Nyumba anaipeza mu msewu wa Alder. Inali yaing'ono, yobiriwira, ya zipinda ziwiri, ndipo mwini wake anali mayi wina wamasiye, Mayi Kowalik. Mtengo wake unali madola 148,000. Banki inavomera kumubwereka ndalama.

Corwin anapereka chikole cha madola 2,000, ndipo anapatsidwa masiku khumi oti ayendere nyumbayo ndi kuganiza bwino. Tsiku lakhumi, isanakwane 5 koloko madzulo, anayenera kusaina pepala limodzi mwa awiri. Akasaina lobweza, chikole chake chibwerera chonse. Akasaina lopitiriza, ndiye kuti walowa, ndipo kutuluka n'kutaya chikolecho.

Tsiku lakhumilo linali Lachisanu. M'mawa mwake Corwin anakwera masitepe atanyamula katoni ya pitsa imene analembapo masamu ake onse. Anaiika pa tebulo, pambali pa khofi wa amalume.

"Amalume, taonani. Banki izitenga 1,180 pamwezi, msonkho ndi inshulansi zili momwemo. Magetsi, gasi, madzi, mafuta a galimoto, chakudya, zonse ndachotsera. Ndikutsala ndi 70."

"Madola 70!" anatero a Delbert. "Ndiye ndiwe bwana wamkulu. Uzitani nazo zonsezo?"

Anakoka katoni ija n'kuyamba kuiyang'ana, chala chikuyenda pakati pa manambala ndi madontho a mafuta.

"Msonkho wa nyumba walemba zingati?"

"1,200 pachaka."

"Wazitenga kuti?"

"Pa intaneti. A Rusk nawonso anandionetsa lisiti la chaka chatha."

A Rusk anali ejenti wogulitsa nyumbayo.

"Lisiti la ndani?"

"La Mayi Kowalik."

"Nanga iwe ndiwe Mayi Kowalik?"

2. Amalume akankha kapu

A Delbert anakankhira kapu ya khofi pambali. Banja lonse linkadziwa kuti kapu ikakankhidwa, aliyense wokhala ndi ulendo auiwale. Corwin anayang'ana wotchi n'kuusa moyo.

"Tamvera, mwana wa mlongo wanga. Kuno ku Michigan msonkho wa nyumba uli ndi chivundikiro. Ukakhala m'nyumba yako osaigulitsa, a khonsolo sangakukwezere msonkho mmene afunira. Amakweza pang'onopang'ono, ngakhale mtengo wa nyumbayo utakwera bwanji. Mayi Kowalik analowa m'nyumba ija iwe usanabadwe, amayi ako akadali ku sekondale. Chivundikiro chawo chakhala pamenepo zaka zonsezi. Koma chivundikirocho si cha nyumba ayi. Chimayenda ndi munthu. Tsiku limene iwo azinyamula katundu, nachonso anyamula. Chaka chotsatira a khonsolo avundukula, n'kuwerengera msonkho pa mtengo wa lero. Ukundimva?"

"Zikanakhala choncho banki ikanandiuza."

"Banki! Nthawi zambiri banki imayang'ana lisiti lomwelo waonalo. Chaka choyamba uziyenda mothimbwidzika, ukuuza aliyense kuti nyumba n'zosavuta. Chaka chachiwiri ikulembera kalata yaulemu kwambiri. 'Okondedwa a Pruitt.' Ukaona banki yakutchula wokondedwa, yamba wamwa madzi usanawerenge mzere wachiwiri."

"Amalume, ndichedwa ku ntchito."

"Matayala sathawa. Ine zinandionekera pa nyumba inoyi. Ndinaigula kwa mkulu wina wa kutchalitchi amene anakhalamo zaka makumi atatu. Nditaona msonkho wake ndinavina pakhondepo. Ndinaona kuti ndalama zitsala, ndiye ndinagula boti. Boti, Corwin! Patatha chaka kalata ija inafika. Anti ako anaiwerenga kawiri, ine anangondiyang'ana kamodzi. Boti ndinaligulitsa lisanakhudze madzi. Nyengo yonse yachisanu ndinkagwira ntchito ziwiri, kukankha chipale chofewa m'misewu ndi kukolopa pa sukulu. Tinadya nyemba za m'chitini mpaka Isitala. Mpaka lero ndikaona chitini cha nyemba mu shopu, ndimadutsa mbali ina."

Corwin anayamba kupinda katoni yake.

"Sindikuti usagule," anapitiriza a Delbert. "Ndikuti pita ku khonsolo, ku ofesi yowerengera msonkho, chitseko chachiwiri kumanzere. Ukafunse funso limodzi. Usakafunse kuti nyumba ija imalipira zingati. Nyumba ilibe thumba. Ukafunse kuti, 'Ine ndidzalipira zingati?' Kufunsako n'kwaulere. M'nyumba yonse ya khonsolo, chaulere n'chokhacho."

"Ndamva, amalume."

Ife tonse tinakhalapo achinyamata, ndipo tikudziwa tanthauzo la "ndamva" woteroyo. Corwin anatuluka katoni ili m'khwapa.

3. Chitseko chachiwiri kumanzere

Pa nthawi ya nkhomaliro anapitadi ku khonsolo. Sikuti anakhulupirira ayi. Ankafuna pepala la chidindo loti akatseke nalo pakamwa pa amalume.

Kuseri kwa chitseko chija kunakhala mayi wina wa magalasi olenjekeka pa tcheni. Pa desiki panalembedwa kuti Mayi Baptiste, ndipo pambali pake panali mbale ya maswiti.

"Ndikugula nyumba mu msewu wa Alder," anatero Corwin, mawu atawakulitsa pang'ono. "Ndimafuna kudziwa kuti ine ndidzalipira msonkho wochuluka bwanji."

Mayi Baptiste anakweza mutu n'kumuyang'anitsitsa.

"Wakutuma ndani? Funso limenelo anthu amabwera nalo atagula kale."

"Amalume anga."

"Uziwagulira khofi amalume amenewo. Tenga switi."

"Ayi, zikomo. Ndadya."

"Tenga, mwananga. Maswiti amenewa sindinawaike apa kuti azikongoletsa desiki."

Corwin anatenga limodzi. Mayiwo anafunsa nambala ya nyumba ndi mtengo wake, analembalemba pa kompyuta, kenako analemba nambala pa kapepala n'kukakankhira kwa iye.

"3,360 pachaka. Nambala yeniyeni sindingakulonjeze chaka chisanafike, koma usayembekezere kuti itsika."

Corwin anaseka pang'ono.

"Pepani mayi, mwina mwayang'ana nyumba ina. Ine ndikunena yobiriwira ija. Yaing'ono. Khonde lake n'lopendekeka."

"Khondelo talichotsera kale."

"Koma Mayi Kowalik amalipira 1,200!"

"Mayi Kowalik akupita. Ndipo umvetsetse, nambala imene ndakupatsayo ndi ya munthu amene wadzaza fomu iyi, yonena kuti iwe mwini ndi amene ukukhalamo, sukuchititsa lendi. Ukaiwala kuibweretsa pa nthawi yake, onjezerapo madola oposa 1,300. Ine ndakhala pa desiki ino zaka 19. Chaka chilichonse makalata akatuluka, mzere umafika panja. Ena amalira, ena amatukwana, wina anabwera ndi abusa ake kuti adzapempherere kompyutayi. Onsewo amanena mawu amodzi: 'Palibe anandiuza.' Ndimawamvera chisoni, chifukwa n'zoona palibe anawauza. Iwe sudzanena zimenezo. Ndakuuza ine, lero, Lachisanu."

Atatero anamukankhira mbale yonse ya maswiti.

Mu galimoto, Corwin anatulutsa foni n'kuyamba kuwerengera. Kuchoka pa 1,200 kufika pa 3,360 panali kusiyana kwa 2,160. Pamwezi, 180. Iye ankatsala ndi 70. Ndiye kuti mwezi uliwonse azipereweza madola 110.

Anawerengeranso. Anazimitsa foni, anaiyatsa, anawerengera kachitatu. Foniyo inakakamira pa 110.

Apa tiyenera kumuyamikira mnyamatayu, chifukwa anaganiza bwino. Anati akasaina pepala lobweza, atenge 2,000 yake, apirire filiji chaka china, kenako afune nyumba yotsikirapo mtengo. Nzeru zimenezi anakhala nazo kwa maola pafupifupi anayi.

4. Sofa pa kapinga

Corwin atafika mu msewu wa Alder cha m'ma hafu pasiti folo, anapeza pikapu ya amalume itaima kutsidya kwa msewu. A Delbert anatsitsa galasi.

"Unapita?"

"Ndinapita."

"Akuti zingati?"

"Ndikuuzani ndikatuluka."

"Chabwino. Ine sindilowa. Dzanja losainalo ndi lako."

Corwin anatembenuka kuti aoloke msewu, ndipo anangoti kakasi. Pa kapinga wa Mayi Kowalik panali sofa yofiira. Pa sofapo panakhala Jarrell, mnzake wa ku garaja, miyendo ataitambasula. Anyamata ena awiri a ku garaja komweko ankakoleza mbaula yootchera nyama.

Pali chinthu chimene sindinakuuzeni. Masiku khumi onsewo Corwin sanapume pakamwa ku ntchito. Aliyense wobwera kudzasinthitsa tayala ankaonetsedwa chithunzi cha nyumba yobiriwira. Anzake anawapatsa dzina loti "anthu a lendi." Jarrell akamupempha sipanala, iye ankati, "Lendi mwalipira mwezi uno, achimwene?" Anzakewo ankangoseka, poti ankamukonda.

"Alandilodi afika!" anakuwa Jarrell. "Imirirani, anthu a lendi inu! Mulibe ulemu?"

"Aise, sofa iyi ikutani pano? Nyumbayi sinakhale yanga."

"Aaa, kwatsala n'cholembera basi. Mayi aja atilola tiisunge mu garaja ya nyumbayi mpaka udzalowe. Ndi mphatso imeneyo. Komanso mkazi wanga akuti akaipezanso pakhomo, ndituluka nayo limodzi."

"Jarrell, tamvera..."

"Lowa, ukasaine! Nyamayi tasonkherana, usatichititse manyazi."

M'khichini munali makatoni okhaokha. Mayi Kowalik ankasamukira ku Ohio kwa mwana wawo wamkazi. Anamulandira Corwin ndi manja awiri, n'kumukhazika pa mpando umodzi umene unatsala.

"Mtima wanga uli m'malo," anatero mayiwo. "Ndinkaopa kuti igulidwa ndi makampani aja ochititsa lendi. Koma ikupita kwa mnyamata wa khama. Malemu amuna anga akanakukonda. Idya keke."

A Rusk anali ataimirira pafupi ndi tebulo, akumwetulira mano onse ali pamtunda. Anayala mapepala awiri. Lobweza analiika kumanzere, lopitiriza kumanja, ndipo cholembera anachigoneka pa la kumanjalo.

Corwin anayang'ana mapepala awiriwo.

"A Rusk, ndinapita ku khonsolo. Akuti msonkho wanga ufika 3,360."

Kumwetulira kuja sikunasunthe n'komwe.

"Aaa, achimwene, zimenezo ndi za m'tsogolo. Pofika nthawi imeneyo adzakhala atakukwezani malipiro. Munthu wa luso ngati inu? Mwinanso mudzakhala ndi garaja yanuyanu."

"Koma munandionetsa lisiti la 1,200."

"Ndipo ndi lenileni! Ine sindinama. Mayi, si lanu lisiti lija?"

"Langa ndithu," anatero Mayi Kowalik. "Sindinachedwepo ngakhale kamodzi."

Zoona, a Rusk sananame. Anangobweretsa theka la choonadi, theka linalo analisiya mu galimoto.

"Komanso ndikutsineni khutu," anatero a Rusk motsitsa mawu. "Pali banja lina likudikira foni yanga. Mukabweza, mawa m'mawa nyumba yapita. Sindikukukakamizani. Ndikungokuuzani ngati m'bale."

Pawindo panamveka kugogoda. Jarrell anakanikiza nkhope pa galasi. M'dzanja limodzi anagwira foni, akujambula. M'dzanja lina anakweza kachikwangwani ka pa bokosi la makalata, kolembedwa ndi zilembo zagolide kuti PRUITT.

"Saina, landilodi! Nyama ikupserera!"

Wotchi ya pa chitofu inkati kwatsala mphindi zisanu ndi zitatu kuti ikwane 5 koloko. Corwin anatola cholembera. Dzanja linapita kumanzere n'kuima. Anayang'ana Mayi Kowalik atagwira mbale ya keke. Anayang'ana pawindo. Anaganiza za Lolemba m'mawa ku garaja, za kunyamulanso sofa ija anthu a mu msewu wonse akuonerera, za Jarrell akumufunsa kuti lendi walipira.

Dzanja linabwerera kumanja, ndipo anasaina.

Ndinene mosabisa, nkhaniyi imandiseketsa, koma pamenepa pokha imandipweteka. Corwin sanapusitsidwe. Kapepala ka Mayi Baptiste kanali m'thumba la malaya ake, nambala ikuoneka bwinobwino. Zaka zinayi za buledi wa chiponde anaziika pa ngozi chifukwa choopa kusekedwa Lolemba limodzi. Ana inu, manyazi ndi okwera mtengo.

5. Envelopu ya mu dilowa

Panja anyamata anaimba likhweru. A Rusk anapinda mapepala, anagwira Corwin chanza kawiri, anatenga keke ya panjira, ndipo posakhalitsa galimoto yawo inali itakhota pa ngodya.

Corwin anadzuka kuti azipita. 

"Dikira, mwananga, ndikanaiwala," anatero Mayi Kowalik.

Anatsegula dilowa ya pansi pa sinki, anafufuza pakati pa mabatire akutha ndi timakandulo, n'kutulutsa envelopu yaitali ya chidindo cha khonsolo. Inali yosatsegula.

"Iyi inabwera sabata yatha. Sindinaitsegule, maso angawa sagwirizana ndi zilembo zing'onozing'ono. Aneba akuti ndi za msewu uno. Akufuna kuukumba wonse, aike mapaipi atsopano ndi phula, ndiye akuti eni nyumba azisonkha. Ine ndinati ndikupita, ndisadzivute nazo. Poti tsopano udzakhalamo ndiwe, ndi bwino uisunge."

Anamupatsira m'manja mwaulemu, n'kuonjezerapo keke yokulunga m'pepala.

Corwin anayang'ana wotchi ya pa chitofu. Faifi koloko inali itadutsa ndi mphindi zisanu ndi ziwiri.

Anatuluka. Jarrell anamukumbatira n'kumuzunguza. Wina anamupatsa mbale ya nyama. Iye anaiika pa sofa osailawa, anaoloka msewu, envelopu ataibisa kumbuyo.

A Delbert anatsitsa wailesi.

"Wasaina pepala liti?"

"Lopitiriza."

"Ku khonsolo anakuuza zingati?"

"3,360."

Amalumewo anayang'ana kutsogolo, milomo ikugwedera pang'ono. Masamuwo sanawatengere nthawi. Corwin anadikira chidzudzulo, ndipo kunena zoona ankachifuna. Chikanamupepukitsa mtima. Koma a Delbert sanamudzudzule, anangogwira chiwongolero, nkhope itagwa ngati asainawo ndi iwo.

Kenako anafunsa, "Nanga wabisa kumbuyocho n'chiyani?"

Corwin anawapatsa. Amalumewo anayang'ana chidindo, kenako anaiyeza envelopuyo pa chikhatho.

"N'yolemera. A khonsolo akakhala ndi uthenga wabwino, tsamba limodzi limawakwanira."

Anatulutsa kampeni ka m'thumba, anakatsegula, n'kumupatsa mnyamatayo pamodzi ndi envelopu ija.

Kutsidya kwa msewu anzake anali atayamba kuimba dzina lake, akumenya zivindikiro za mabini. Corwin anang'amba envelopu. Munali masamba anayi. Tsamba loyamba linali ndi mndandanda wa nyumba zonse za mu msewu wa Alder, ndipo pambali pa nyumba iliyonse panali ndalama yake. Chala chake chinatsika mzere ndi mzere, chinafika pa nyumba yobiriwira, n'kuima.

"Werenga mokweza," anatero amalume. "Magalasi ndawasiya kunyumba."